Tinadzukira zinjoka, tinapeza anthu akumanga katundu

Ngati simunaonere episodi yomaliza ya sizoni yachiwiri ya House of the Dragon, tulukani pompano chifukwa ndiulula zonse. Ndadikira dala mwezi wathunthu ndisanalembe kuti mkwiyo uyambe wazizira. Zimene ndikanalemba tsiku lomwelo mayi anga sakanakondwa kuziwerenga.

Ku America episodiyi inatuluka Lamlungu pa 4 Ogasiti 2024, 9 koloko usiku. Kuno imeneyo ndi 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba, ndipo amene mumakhala ku Blantyre mukudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyo mu Ogasiti. Pagulu lathu la WhatsApp tilipo a mitundu itatu. Alipo mabwana a DStv, amene amatchera alamu n'kuonera ali m'bulangete. Alipo odalira WiFi ya kuntchito, amene amafika mu ofesi mlonda asanaweruke. Kenako ife a ku Ndirande ndi Bangwe, amene timayenda ndi flashi m'thumba kudikira kuti mnyamata wa kobenera mafilimu aipeze. Lamulo la pagulu ndi limodzi: pasapezeke woyankhula kanthu mpaka Lolemba litada. Sabata imeneyo zinavuta kwambiri chifukwa zidutswa za episodiyo zinali zitatayikira kale pa TikTok kutatsala masiku ochepa. Ine TikTok ndinaichotsa mufoni. Ndinapirira miyezi 20 kuchoka pamene sizoni yoyamba inatha mu Okutobala 2022 kufika mu Juni 2024, ndiye sindikanalola kuti mwana wina wa ku Ohio andiwonongere.

Tinkadikira nkhondo. Sizoni yonse inkatilonjeza nkhondo. Rhaenyra anali atapeza okwera zinjoka atsopano, Hugh pa Vermithor, Ulf pa Silverwing, Addam pa Seasmoke. Amene tinawerenga buku la Fire & Blood, limene George R. R. Martin anatulutsa mu 2018, tinkadziwa kuti kutsogoloku kuli nkhondo ya panyanja ya ku Gullet, ndipo tinkayenda mwamatama ngati anthu odziwa mayeso asanalembedwe.

Ndiye tinaona chiyani? Tyland Lannister akugwetsana m'matope ndi mkulu wa zombo za Triarchy. Daemon akugwira mtengo ku Harrenhal n'kuona masomphenya, kenako n'kugwadira mkazi wake. Aegon akuthawa mumzinda atabisala m'ngolo pamodzi ndi Larys. Rhaena akuthamanga m'mapiri kufunafuna chinjoka cholusa. Kumapeto nyimbo inakwera, asilikali a mbali zonse akuguba, zombo zikunyamuka, Otto Hightower ali m'chikhola. Mtima unayamba kugunda kuti eya, zayambika. Basi mayina a opanga filimu anayamba kukwera.

Mnzanga wina wa ku Bangwe anatumiza voisi ya masekondi asanu okha: "Aise, ndiye kuti bandulo yanga yathera pa thirela?" Wina wa ku Machinjiri anatuluka pagulu, tinachita kumubwezera. Mtsikana wina wa ku Chilomoni, amene amaikira kumbuyo pulogalamuyi ngati ndi ya malume ake, anati vuto lathu ndi lakuti tinakulira m'mavidiyo sho a Rambo, sitingathe kumvetsera anthu awiri akuyankhulana popanda wina kuphulitsa kanthu.

Mawu akewo anandiwawa chifukwa muli kachoonadi. Ambirife filimu tinaiphunzirira pa benchi, m'kachipinda kamdima, pamene wina akakuwa kuti "fowadi!" zokambirana zonse zimadumphidwa. Koma pa nkhani iyi sindikugwirizana naye. Ma episodi amene timawakumbukira kwambiri mu Game of Thrones ambiri ndi a anthu ongokhala pansi n'kumalasana ndi mawu. Komanso sizoni yomaliza ya Game of Thrones mu 2019, ndili ku koleji ku Zomba, inali ndi moto wokwanira kuwotcha mzinda wonse, koma tinatukwana kuposa pano. Choncho kusowa kwa moto si mlandu waukulu.

Mlandu woyamba ndi wosavuta kuuona. Sizoni yoyamba inali ndi ma episodi 10, iyi 8. Imene tinaonayi inamangidwa ngati episodi yokonzekeretsa, ya nambala 8 pa 10, kenako wina anadula chingwe pamenepo. Munthu wa ku New York amene intaneti yake siitha angonyinyirika pang'ono n'kutsegula pulogalamu ina. Ife timachita kusankha: bandulo iyi ndionere chiyani? Ukauza munthu wotere kuti mathero ake adzawaona pakatha zaka ziwiri, wamudyera ndalama.

Koma mlandu umene ukundisowetsa mtendere ndi wina, ndipo unayamba kale. Taganizirani mmene nkhondoyi yakhala ikuyendera m'pulogalamuyi. Alicent anavomera kuti mwana wake Aegon avekedwe ufumu chifukwa sanamvetse bwino mawu a Viserys ali pafupi kumwalira. Mfumuyo inkanena za Aegon wina wakalekale. Lucerys anafa chifukwa Vhagar anakana kumvera Aemond. Kamwana ka Helaena kanadulidwa mutu chifukwa anthu amene Daemon anawatuma sanapeze amene ankamufuna. Chilichonse ndi ngozi, chilichonse ndi kusamvana. Anthu akufa, koma ukafunsa kuti wafuna zimenezi ndani, aliyense akuyang'ana kumbali. Makamaka amayi awiriwo, Rhaenyra ndi Alicent, olemba awasandutsa anthu ongopempha mtendere pamene amuna akuwononga zinthu kuseri. Ndiye pofika episodi yomaliza palibe amene ali ndi njala yokankha chitseko. Nchifukwa chake aliyense akungomanga katundu.

Ife Amalawi nkhani ya kulimbirana mpando sitichita kuiwerenga m'mabuku a zinjoka. Pamene ndinkaonera episodi 9 ya sizoni yoyamba, m'mene nduna zinabisa imfa ya Viserys, kutsekera antchito m'zipinda, n'kumakonza usiku zoti mkazi amene analonjezedwa mpando asaukhale, ndinaimitsa kaye filimuyo. Ndinakumbuka Epulo 2012. Bingu wa Mutharika anagwa pa 5 Epulo, dziko lonse linkanong'onezana koma boma lili chete, ndipo usiku wa pa 6 nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa wailesi ya kanema ya boma kunena kuti Joyce Banda sangatenge mpandowo. Pa 7 analumbiritsidwa. Ine ndinali ku sekondale, koma ndimakumbuka bambo anga atakhala pafupi ndi wailesi osayankhula ndi munthu. Kaya inu munali mbali iti pa nthawiyo, chinthu chimodzi sitingatsutsane: panalibe amene anamva molakwika mawu a munthu wodwala. Onse ankaufuna mpandowo, mayiyo ankaufunanso, ndipo sanachite manyazi kuuimirira.

Tsikani pa State House mufike kumudzi. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ufumu umatsata kuchikazi, wolowa amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi akuluakulu a m'banjamo amakhala ndi mawu pa kusankhako. Amene anaonapo mkangano wa ufumu kwawo akudziwa kuti agogo aakazi aja sakhala pakona kulira kuti anyamata musamenyane. Amawerenga mibadwo pa zala, amadziwa amene anabadwa kwa yani, ndipo akafuna kuti mdzukulu wawo alowe amamenya nkhondo imeneyo mpaka kwa DC. Olemba a HBO akuganiza kuti akulemekeza akazi powachotsera dyera. Kwa ine kumeneko ndi kuwachepetsa. Mkazi amene saloledwa kufuna choipa ndiye kuti saloledwanso kufuna kanthu.

M'bukumu zinthu sizili choncho. Rhaenyra ndi Alicent sanakulire limodzi ngati mabwenzi. Alicent ndi wamkulu ndi zaka zingapo, ndi mayi womupeza, ndipo awiriwo amadana poyera. Bukulo linalembedwa ngati mbiri yakale yosonkhanitsidwa kuchokera kwa mboni zotsutsana, wansembe Eustace akunena zake, Mushroom chitsiru cha kunyumba ya mfumu akunena zake zolaula, iwe wowerenga uzisankha wekha wokhulupirira. Zili ngati kumva nkhani ya maliro amodzi kuchokera kwa azakhali awiri osayankhulana. Filimu singachite zimenezo mosavuta, kamera imayenera kuonetsa chinthu chimodzi, ndipo sindikuwada olembawo chifukwa chosankha. Ndikuwada chifukwa nthawi zonse amasankha njira imene ikutsuka m'manja anthu awo.

Chodabwitsa nchakuti amatha akafuna. Mu episodi 7 Rhaenyra anasonkhanitsa amphawi a magazi a Targaryen, ana a kunja kwa banja, n'kuwalowetsa kwa Vermithor, alonda atatseka njira. Anthu anapsa ngati ziwala iye akuyang'ana ali pamwamba, ndipo nkhope ya Emma D'Arcy inkaonetsa munthu amene wayamba kukhulupirira kuti milungu ili mbali yake. Pamenepo ndinakhala tsonga. Ndinati uyu ndiye mfumukazi amene ndakhala ndikumudikira, woopsa, wokhoza kulakwa mwadala.

Ngakhale kukumana kwa awiriwo ku Dragonstone m'episodi yomaliza, kumene m'bukumu mulibe, sindikutaya konse. Zoti mfumukazi ingachoke mumzinda wa nkhondo n'kukwera bwato kupita kwa mdani popanda woiona ndi nthabwala, makamaka poti Rhaenyra anachitanso ulendo wonga womwewo mu episodi 3 atavala ngati sisitere. Anthuwa akuwoloka nyanja ngati akuchoka ku Zingwangwa kupita ku Limbe. Koma Alicent atalonjeza kutsegula zipata za King's Landing, Rhaenyra anamuuza kuti mtengo wake ndi mutu wa Aegon. Ndipo mayi uja, atalimbana nazo mumtima, anavomera. Olivia Cooke anasewera mphindi imeneyo pafupifupi popanda mawu. Apo pokha munthu anasankha chinthu choopsa maso ali otsegula, ndipo mphindi imeneyo inandigwira kuposa zinjoka zonse za sizoni ino. Tsoka lake olembawo anali atamuthawitsa kale Aegon, ndiye ngakhale kusankha kumeneko kwasanduka kusamvana kwina.

Sindili ndekha wodandaula. Kumayambiriro kwa Seputembala 2024 Martin mwiniwake analemba pa blog yake kudandaula kuti anachotsa Maelor, mwana wamng'ono wa Helaena. M'buku, achiwembu aja amakakamiza Helaena kusankha mwana woti afe pakati pa ana ake aamuna awiri; iye amatchula Maelor, iwo n'kupha winayo, ndipo mayiyo amatsala ndi mwana amene anamupereka. Zimene analembazo zinachotsedwa pasanapite nthawi, koma pagulu pathu skrinishoti inali itafika kale. Taonani kuti chimene chinachotsedwa pamenepo ndi chomwechija: munthu kusankha, n'kukhala ndi chimene wasankhacho. Komabe bamboyu asatinamize kuti ndi mnzathu pa kudikira. Buku lotsatira la A Song of Ice and Fire anthu akulidikira kuyambira 2011.

Ryan Condal, amene akutsogolera pulogalamuyi, wanena kuti idzathera pa sizoni yachinayi. Pagulu pathu amene analumbira kuti saoneranso ndi omwewo akutumiza mavidiyo a YouTube olosera za Gullet. Inenso ndidzaonera, musandifunse.

Sabata yatha ndinapita kobenera kuja kukatenga zina. Mnyamatayo atandiona anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, inu mumawerenga mabuku, tawauzani anthuwa." Akuti mpaka pano makasitomala akubwerabe ndi maflashi awo kudzafuna episodi 9 ndi 10. Ena akumunena kuti anawabisira dala kuti adzalipire kawiri.