Luso la Kapu Imodzi ya Feteleza

Ku Mukuni ndi midzi ina yozungulira tauni ya Livingstone ku Zambia, dothi ndi lamchenga ndipo zaka zambiri mvula sifika mamilimita 800. Chikwerereni mitengo ya feteleza mu 2021, n'kudzakweranso nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, ambiri amagula thumba limodzi kapena feteleza wa pamiyeso. Pamenepa ndiye paonekera alimi a luso, amene ndimawagomera.

Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23. Koma nayitirojeni sakhazikika. Mukamwaza yureya pamwamba dzuwa likuswa mtengo, amasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka. Kukagwa chimvula pamchenga, amatsika ndi madzi kupitirira mizu. Mu 1999, akatswiri William Raun ndi Gordon Johnson a ku Oklahoma anawerengera kuti padziko lonse, mbewu monga chimanga, tirigu ndi mpunga zimabweza m'zokolola gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a nayitirojeni wothiridwa. Ntchito ya mlimi waluso ndi kutseka njira zothawirazo.

Amayamba chilimwe chisanathe. Ndi khasu lolemera la chaka amakumba maenje m'mizere yotalikirana masentimita 90, dzenje ndi dzenje masentimita 70, njira imene bungwe la Conservation Farming Unit lafalitsa m'Zambia kuyambira 1996. M'dzenjemo mumalowa manyowa ndi kapu ya feteleza wa D-Compound, kenako kadothi kophimba kuti mbewu isapse. Chaka chamawa amabwerera m'maenje omwewo, chonde chotsala chisatayike.

Luso lenileni limaoneka pobereketsa. Sathira m'munda wa tchire. Amapalira kaye, pakuti udzu umadya msanga kuposa chimanga. Chimanga chikafika m'mawondo, amafumbata dothi m'manja. Likaumbika koma osadontha madzi, nthawi yakwana. Likafumbutuka, thumba limakhala chimangire, ngakhale anzawo akuthira.

Taonani manja awo. Lamanja lagwira kamtengo kosongola, lamanzere kakapu. Amabaya pambali pa phesi, kutalika ngati chikhatho, chifukwa yureya akakhudza phesi amalitentha. Amatunga kapu yosasefukira, kusalaza ndi chala, kukhuthulira m'bowo, chidendene n'kukwirira. Phando ndi phando, muyeso ndi womwewo. Mbewu zoyera za feteleza simuziona pamtunda.

Sathiranso yense kamodzi. Mwana sumupatsa nsima ya sabata yonse pa mbale imodzi. Theka limalowa tsopano, theka lina limadikira chimanga chitatsala pang'ono kumasula. Pakatipo amawerenga masamba: am'munsi akayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, mbewu yamva njala. Mvula ikadula, monga mu 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, theka lachiwirilo limapulumuka n'kudikira chaka china.

Feteleza akachepa, samumwaza munda wonse kuti phando lililonse lilaweko. Amasankha chigawo chimene anabzala ndi mvula yoyamba, makamaka pamene chaka chatha panali khobwe kapena mtedza, n'kuchidyetsa mokwanira. Kotsalako amabzala mapira ndi nyemba.

Mtengo wa thumba umakonzedwa kutali ndipo mlimi alibe nawo mawu. Koma kuchuluka kwa chimanga chotuluka m'kapu iliyonse kuli m'manja mwake, ndipo luso limeneli liyenera kuphunzitsidwa paliponse pamene feteleza akugulitsidwa.