Nkhope ya Sophia ndi ya Simoni

Sophia, loboti ya kampani ya Hanson Robotics ku Hong Kong, inapatsidwa unzika wa Saudi Arabia mu 2017. Khungu lake ndi losalala, imaphethira, imamwetulira. Koma ndikaiona pa kanema thupi limacita tsembwe: milomo ikuseka, maso ali gwa ngati a mtembo. Masahiro Mori wa ku Japan analemba kale mu 1970 kuti cinthu cikayandikira kufanana ndi munthu, koma osafikapo, cimayamba kuopsa.

Simoni wa Gule Wamkulu, wa nkhope yofiira uja, safuna kutinamiza. Komabe akangolowa m'bwalo ku Angónia, ndi ana omwe amadziwa kuti wabwera mzungu, cifukwa ca kayendedwe kake. Opanga Sophia anathera luso lonse pa khungu, khosi n'kumatembenuka ngati citseko.