Mpweya Uti M'magazi? Za Dzina la Kachipangizo Kopana Chala

Kuyambira m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unafika m'Malawi, alembi ndi omasulira nkhani akhala akulimbana ndi dzina la kachipangizo kamene anamwino amapanitsa pachala cha wodwala, kotchedwa pulse oximeter m'Chingerezi. Mawu amene azika mizu m'zolemba zambiri ndi akuti "kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mpweya m'magazi". Mawuwa ndi osalala pakamwa ndipo saphwanya lamulo lililonse la galamala. Chilema chawo chili patanthauzo, pakuti amauza wowerenga zinthu zimene kachipangizoka sikachita, ndipo wowerengayo kawirikawiri ndi mayi amene wakhala pambali pa mwana wodwala chibayo, maso ali panambala.

Mlembi asanatche chinthu dzina ayenera kudziwa ntchito yake. Chipangizochi chili pawiri. Pali mbali yokhudza thupi, imene achipatala amati probe kapena sensor, ndiye pali makina owerengetsa ndi kuonetsa nambala. Pa tizipangizo ting'onoting'ono ta m'thumba mbali ziwirizi zili m'kabokosi kamodzi, koma m'zipinda za opaleshoni zimalumikizidwa ndi nthambo. M'kati mwa mbali yokhudza thupi muli timagetsi tiwiri, kena kowala mofiira, kena kotulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Kuseri kwa chala kuli kadiso kolandira kuwala kumene kwadutsa. M'magazi muli haemoglobin, yemwe ndiye amanyamula okosijeni. Akasenza okosijeni amalola kuwala kofiira kudutsa ndipo amameza kwambiri kuwala kwa infrared. Akatula katundu wakeyo zimatembenuka. Makina amafanizitsa ziwirizi. Nzeru yaikulu inachokera kwa Takuo Aoyagi, katswiri wa kampani ya Nihon Kohden ku Japan, amene m'chaka cha 1972 anazindikira kuti magazi ochokera kumtima amafufumitsa mitsempha pa kugunda kulikonse, motero kuwala kumene kukusinthasintha ndi kugundako ndiko kukunena za magazi amenewo okha, osati za khungu, fupa kapena mnofu. (Apa pali vuto lina loyenera tsiku lake: mawu amodzi akuti "mtsempha" akutumikira njira za magazi zochoka kumtima, zobwerera kumtima, ndiponso timitsempha ta ubongo.) Aoyagi anamwalira mu Epulo 2020, dziko lonse likusakasaka chipangizo chakecho.

Tsono mawu akuti "kuchuluka" alakwa pati? Nambala imene imaoneka, kaya 97 kaya 88, ndi gawo pa 100. Imanena kuti mwa haemoglobin amene alipo, ndi angati amene asenza okosijeni. Sinena kuti haemoglobin alipo wochuluka bwanji. Banja limene latumiza ndowa khumi kuchitsime, zonse n'kubwera zodzaza, ladzaza 100 pa 100. Banja limene latumiza ndowa ziwiri zokha, zonse n'kubwera zodzaza, nalonso ladzaza 100 pa 100, koma dzuwa lisanapendeke pakhomopo padzakhala ludzu. Umu ndi momwe zilili ndi mwana amene malungo amuthera magazi. Akhoza kukhala wotumbuluka manja ndi maso, wofooka, koma chipangizo n'kuonetsa 98. Kholo limene lawerenga kuti nambalayo ndi "kuchuluka kwa mpweya m'magazi" silingaimbidwe mlandu likaganiza kuti mwanayo ali bwino. Kumasulira kolakwika kwalipatsa chitonthozo chabodza.

Chichewa sichisowa mneni woyenera pamenepa. Achingerezi amati saturation, ndipo mneni wakuti "kukhuta" akunyamula ganizo lomwelo popanda kukakamiza. Chiganizo chakuti "magazi ake akhuta okosijeni ndi magawo 92 pa 100" chikumveka kwa aliyense amene anadyapo nsima, ndipo chikusiya mpata wa funso lachiwiri, loti magaziwo alipo okwanira kodi. Alipo amene anganene kuti "kukhuta" ndi mawu a pamphasa, osayenera buku la sayansi. Koma sayansi ya Chingerezi nayo inatola mawu ake ambiri kukhitchini ndi kumunda. Saturation yemweyo tsinde lake ndi mawu Achilatini otanthauza kukhuta.

Chilema chokulirapo chili pa mawu akuti "mpweya". M'Chichewa mpweya ndi umene umaomba, umene umapopedwa m'tayala, umene munthu amapuma, ndi umene amatsirizira akamamwalira. Aphunzitsi a sayansi anayesa kupatula ponena kuti "mpweya wabwino" ndi "mpweya woipa", ndipo m'makalasi a ana aang'ono zimenezi zimathandiza. Kuchipatala sizikwanira. Mbaula ya makala ikayaka m'chipinda chotseka mazenera m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umakakamira haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Chipangizo wamba cha timagetsi tiwiri sichitha kusiyanitsa haemoglobin wosenza okosijeni ndi wosenza poizoniyu, choncho chimaonetsa nambala yapamwamba munthu ali pafupi kutsirizika. Ndowa zadzaza ndithu, koma zadzaza madzi akupha. Mlembi amene walemba "mpweya" pamene pafunika "okosijeni" watseka khomo lofotokozera ngozi imeneyi, chifukwa owerenga ake alibe mawu olekanitsira mipweya iwiriyo. Ngakhale "mpweya woipa" sapulumutsa, popeza m'mabuku a sukulu dzinalo linapatsidwa kale kwa carbon dioxide.

Kunena zoona, mawu obwereka ndiwo oyenera pano, ndipo chotsala ndi kugwirizana pa kalembedwe kake. M'zolemba mumapezeka "oxygen", "okisijeni" ndi "okosijeni". Chichewa chilibe lemba la x, ndipo maphatikizo ake amathera ndi lemba la liwu. Makolo atabwereka box anati "bokosi", kubwereza o wa phatikizo loyamba pakati pa k ndi s. Njira yomweyo ikupereka "okosijeni", ndipo ndiyo yoyenera kuitsata. Dzinali limagwirizana ndi mawu ena monga amachitira "shuga" ndi "petulo": okosijeni wochepa, okosijeni watha. Chizindikiro cha SpO2 chimene chimalembedwa pamakina chisiyidwe momwe chilili, monga amasiyira kg ndi km.

Mneni wotsagana ndi nambala nayenso afunika kumusamala. Alembi amakonda kunena kuti chipangizo "chasonyeza" kapena "chatsimikiza", pamene chimangoyerekeza. Zala zozizira, utoto wopaka kuzikhadabo, kunjenjemera ndi kuwala kwa dzuwa kolowa m'mbali zonse zimasokoneza nambala. Palinso nkhani imene ikukhudza pafupifupi aliyense wolankhula Chichewa. Mu Disembala 2020 madokotala a ku University of Michigan ku America anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya New England Journal of Medicine. Anatenga miyeso imene chipangizo chinaonetsa pakati pa 92 ndi 96, n'kuifanizitsa ndi magazi otengedwa mumtsempha. Mwa odwala akhungu lakuda, pafupifupi miyeso 12 pa 100 inali yonama motero kuti kukhuta kwenikweni kunali pansi pa 88. Mwa azungu inali yosakwana 4 pa 100. Mu Febuluwale 2021 bungwe la FDA la dzikolo linachenjeza anthu kuti mtundu wa khungu ungathe kusokoneza zipangizozi. Izi sizikutanthauza kuti chipangizochi n'chachabe. Bungwe la WHO linachiika mu 2008 pamndandanda wa zofunika kutsimikiza wodwala asanagonekedwe tulo ta opaleshoni, ndipo limalangiza kuti mwana wa chibayo amene nambala yake yatsika pansi pa 90 apatsidwe okosijeni. Koma kapepala kolembera anthu akhungu lakuda sikayenera kupatsa nambala ulemu wa mboni yosanama. "Chikuyerekeza" ndi mawu oona, ndipo pambali pake payenera kulembedwa kuti mwana wopuma mobanika apite kuchipatala ngakhale nambala ikhale yokoma.

Mbali yokhudza thupi ija ndiyo ilibiretu dzina. Poti imafanana ndi chopanira zovala pachingwe, dzina limene limabwera msanga pakamwa ndi "chopanira chala". Dzinali likutchula maonekedwe, ndipo maonekedwewo ndi osiyanasiyana. Kwa khanda lobadwa kumene amagwiritsa ntchito kalamba kofewa kokulunga phazi kapena dzanja, ndipo ziliponso zopana khutu ndi zomata pachipumi. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa cha munthu wamkulu chikaikidwa pakachala ka mwana chimakhwepa, kuwala kumazemba m'mbali osadutsa m'mnofu, nambala n'kukhala yopanda pake. Dzina lochokera ku ntchito lingathe kukwanira zonsezi. Mneni wakuti "kuwunika" ali ndi matanthauzo awiri amene akumana bwino pano: kuwalitsa muuni pa chinthu, ndi kupima wodwala. Motero probe atha kukhala "chowunikira", ndipo mlembi angathe kunena chowunikira cha pachala, cha paphazi, cha ana, cha akulu. Chipangizo chonse chingatchedwe "choyezera okosijeni m'magazi", mawu akuti "kuchuluka" ndi "mpweya" atachotsedwamo. Ena amalemba "kuunika" popanda w, koma mkonzi amene amalemba "mawu" osati "mau" ayenera kulembanso "kuwunika" ndi "chowunikira" m'buku lomwelo.