Chipolopolo cha Chung Ling Soo: Ngozi Yooneka ndi Ngozi Yeniyeni pa Masewero a Matsenga

Mawu akuti matsenga akamveka m'Chichewa, maganizo amathamangira ku zitsamba, zithumwa ndi mphamvu zosaoneka, koma matsenga amene akukambidwa pano ndi a mtundu wina. Awa ndi masewero a pansanja, achibale a zisudzo, amene mwini wake amapusitsa maso a anthu ndi changu cha manja, zipangizo zobisika ndi luso losocheretsa chidwi, ndipo oonerera amalipira pakhomo akudziwa bwino lomwe kuti akukapusitsidwa. Pakati pa wochita masewero ndi oonerera pamakhala pangano losalembedwa, lakuti iye awaonetsa chinthu chosatheka, iwo azizwa, kenako onse abwerera kwawo ali amoyo. Panganoli limayesedwa kwambiri pa masewero oopsa, monga kuwakha chipolopolo, kudzimasula m'maunyolo pansi pa madzi, kapena kukwiriridwa m'manda munthu akupuma, chifukwa pamenepo chimene chikugulitsidwa ndi mantha a imfa. Luso la masewero otere lagona pa kusiyanitsa ngozi yooneka, imene imakhala m'mitima ya oonerera yokha, ndi ngozi yeniyeni, imene imagwera thupi la munthu, ndipo katswiri ndi amene amakuza yoyambayo mpaka anthu kugwira pakamwa kwinaku atafafaniziratu yachiwiriyo.

Palibe nkhani imene imaonetsa bwino malire amenewa kuposa ya William Ellsworth Robinson, Mmereka wobadwa m'chaka cha 1861, amene kuyambira mu 1900 ankadzionetsa ngati Mtchaina wotchedwa Chung Ling Soo, motsanzira katswiri weniweni wa ku China, Ching Ling Foo. Pagulu sankalankhula Chingerezi, ndipo atolankhani ankacheza naye kudzera mwa womasulira, zimene zikusonyeza kuti kubisa zinthu kunali kutamulowerera mpaka m'mafupa. Sewero lake lotchuka linali lowakha zipolopolo: anthu ochokera m'gulu la oonerera ankaika zizindikiro pa zipolopolo, mfuti zinkadzazidwa onse akuona, iye ankaima patsogolo pa mfutizo atagwira mbale yadothi pachifuwa, ndipo mfuti zikalira ankaonetsa zipolopolo za zizindikiro zija zili m'mbalemo.

Mfuti zake zinali za gogodela, zija zothira wonga ndi chipolopolo kukamwa kwa mpope n'kutsindira ndi kachitsulo katali. Kunsi kwa mpope waukulu kumakhala kampope kena kosungiramo kachitsulo kotsindirako, ndipo m'kampope kameneka ndi mmene munagona chinsinsi chonse. Mfutizo zinakonzedwa mwakuti moto wa poyatsira usafike ku wonga wa mumpope waukulu, koma upite ku wonga wochepa wopanda chipolopolo umene unkabisidwa m'kampope kakunsi, motero phokoso ndi utsi zinkatuluka pamene chipolopolo chinkatsala phee mmene chinaikidwa. Zipolopolo za zizindikiro zinkasinthidwa mwachinsinsi zisanalowe m'mfuti n'kufika m'manja mwake. Nzeru yake inali yogometsa, koma inali ndi chilema chimodzi chachikulu, chakuti nthawi iliyonse imene ankachita sewerolo chipolopolo chenicheni ndi wonga weniweni zinkakhala mumpope wolozetsedwa pachifuwa cha munthu, ndipo chimene chinkalekanitsa moto ndi wongawo chinali kachitsulo kotsekera kumbuyo kwa mpope, komangidwa mopotokola ngati bawuti. Pofuna kuchotsa chipolopolo chotsalira sewero likatha, Robinson ankamasula chotsekeracho, ndipo atachita zimenezi kwa zaka zambiri mano ake anaperepeseka mpaka wonga wosalala unayamba kulowerera m'timipata n'kupanga kanjira ka moto. Pa 23 Malichi 1918, pa bwalo la zisudzo la Wood Green Empire mumzinda wa London, moto unatsata kanjirako, mfuti inaomba zenizeni, chipolopolo chinamuboola mapapo, ndipo anamwalira m'mawa mwake ali ndi zaka 56. Katswiri wa mfuti Robert Churchill ndi amene anafotokoza zonsezi pa kafukufuku wa imfayo, ndipo bwalo linagamula kuti inali ngozi.

Chigamulo chimenechi n'choona pa malamulo, koma pa luso sichikwanira. Robinson ankasamalira yekha mfuti zake pofuna kuteteza chinsinsi, pamene mmisiri wa mfuti akanaziona akanatha kuzindikira kuperepesekako nthawi isanathe. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta ya ntchito yonseyi: chinsinsi ndicho chuma cha wochita matsenga, koma chitetezo chimafuna maso a anthu ena, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu amene wachita chinthu kambirimbiri osavulala amasiya kuona chilema chimene mlendo angachione tsiku loyamba. Sewero limene moyo wa munthu ukudalira kachipangizo kamodzi, popanda chachiwiri chogwirira ntchito choyambacho chikalephera, silinamalizidwe kukonza, ngakhale litakometsedwa chotani ndi nyali ndi nyimbo. M'chaka chomwecho Harry Houdini anaganiza zochita sewero lowakha chipolopolo, koma Harry Kellar, mkulu amene ankamulemekeza kwambiri pa ntchitoyi, anamulembera kalata yomuletsa, ndipo Houdini anamvera.

Houdini yemweyo akuonetsa mmene ngozi yooneka imamangidwira. Pa sewero lake la thanki ya madzi, limene anayamba kulionetsa mu 1912, ankamizidwa chadodolido mapazi atatsekeredwa m'matangadza, ndipo pambali pa thankiyo, imene kutsogolo kwake kunali galasi, pankaima womuthandiza atanyamula nkhwangwa. Nkhwangwayo inkagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: inkauza oonerera kuti imfa ili pafupi, komanso inali njira yoswera galasi zinthu zitavuta. Chitetezo chinasanduka mbali ya sewerolo, ndipo sichinachepetse mantha a oonerera koma chinawakuza. Amene anatengera kulimba mtima kwa Houdini n'kusiya kusamala kwake ndi amene awonjezera maliro pa ntchitoyi. Joseph Burrus anafa pa 31 Okutobala 1990 ku Fresno, m'chigawo cha California, pamene bokosi loonekera mkati limene anagonamo linaphwanyika atalithira dothi ndi konkire yaiwisi yolemera matani angapo, chinthu chimene masamu a kulemera akanachiulula dzenje lisanakumbidwe. Chanchal Lahiri anamira mumtsinje wa Hooghly ku Kolkata mu Juni 2019 atatsitsidwira m'madzi ali womangidwa ndi maunyolo ndi zingwe. Mtsinje woyenda suli ngati thanki, chifukwa ulibe galasi loti munthu aswe.

Pali ena amene amati munthu wamkulu ali ndi ufulu woika moyo wake pachiswe, monga amachitira a nkhonya kapena okwera mapiri, ndipo mfundo imeneyi si yopepuka. Komabe wa nkhonya sanamiza anthu za ngozi yake, pamene wochita matsenga amakhala atauza oonerera, mwa mtundu weniweniwo wa ntchito yake, kuti zimene akuona si zenizeni. Mayi amene wabwera ndi ana ake kudzaona zodabwitsa sanavomere kukhala mboni ya imfa, ndipo m'manja mmene waombamo musasandutsidwe chilimbikitso cha kudzipha. Penn ndi Teller, amene kwa zaka zambiri ankaonetsa sewero lawo lowakha zipolopolo ku Las Vegas, amanena poyera kuti ndi kulakwa kuchititsa oonerera kutenga mbali pa ngozi yeniyeni yopanda chifukwa, ndipo sewero lawo likutsimikiza kuti mantha angafike pachimake popanda munthu kukhala pafupi ndi manda.

Mlandu umakula kwambiri ngozi ikasamutsidwira kwa munthu amene sadziwa chinsinsi. Pali sewero limene msomali wosongoka umabisidwa m'limodzi mwa matumba angapo a pepala, ndipo wochita matsenga amaphwanya matumbawo ndi chikhatho limodzilimodzi. Mu 2016, pa pulogalamu ya m'mawa ya wailesi yakanema ku Poland, wochita sewerolo anagwira dzanja la mayi woulutsa mawu n'kulimenyetsa pa thumba lolakwika, msomali n'kumulasa anthu akuonera. Mayiyo anapereka dzanja lake chifukwa chokhulupirira kuti palibe choopsa, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndicho chinagwiritsidwa ntchito pomuvulaza. Ngakhale masewero osaoneka oopsa ali ndi mbali yomweyi. Mlendo wina wa ku Britain anavulala mu 2013 pa sewero la David Copperfield ku hotela ya MGM Grand, limene anthu 13 osankhidwa m'gulu ankazimiririka pansanja n'kukaonekera kumbuyo kwa holo, ndipo pa mlandu wa mu 2018 zinaululika kuti anthuwo ankathamangitsidwa m'tinjira tobisika kuti akafike msanga. Bwalo linapeza kuti panali kusasamala, ngakhale silinalamule chipepeso chifukwa linaona kuti kuvulalako kunachokera kwa mlendoyo mwini. Chofunika pa luso ndi chakuti munthu amene sanauzidwe zimene zimuchitikire sangathe kuvomera ngozi yake, ndipo kukwera pansanja mwa kufuna kwake sikusintha zimenezi.

Eni mabwalo a zisudzo ndi a nyumba zoulutsa mawu, amene amapindula ndi masewerowa, ali ndi mphamvu yokana sewero lililonse limene njira yake sinaunikidwe ndi katswiri wodziimira payekha wosunga chinsinsi, limene lilibe njira yachiwiri yopulumutsira munthu, kapena limene likuika chitsulo chakuthwa pafupi ndi thupi la woonerera. Wochita matsenga amene akukana kuunikidwa kotere asapatsidwe nsanja.