Kanema Woopsa Amene Anaseketsa Anthu

Cholinga cha kanema woopsa ndi kuchititsa nthumanzi. Owonera akayamba kuseka pamene wokonza kanemayo amafuna kuti achite tsemwe, ndiye kuti ntchito yalephereka. Zoterezi zinagwera kanema wotchedwa Exorcist II: The Heretic, amene John Boorman anakonza ndipo kampani ya Warner Bros. inatulutsa mu 1977.

Kanemayu anali wotsatira The Exorcist wa William Friedkin, wa mu 1973, wosimba za Regan, mtsikana wogwidwa ndi chiwanda. Woyambayo anaopsa anthu kwambiri chifukwa zoopsazo zinkachitikira m'chipinda chogona cha mwana, malo odziwika kwa kholo lililonse. Motero anthu anakhamukira kukaona wachiwiriyo ali ndi chiyembekezo chachikulu, makamaka poti munali akatswiri monga Richard Burton, Linda Blair, Max von Sydow ndi James Earl Jones.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boorman sanakonde nkhanza za m'kanema woyamba, choncho anasankha kusimba za mphamvu ya ubwino. Anaikamo makina owala mwaphethiphethi olumikiza maganizo a anthu awiri, komanso ulendo wa wansembe Lamont wopita ku Africa kukafuna Kokumo, munthu amene anagwidwapo ndi chiwanda chotchedwa Pazuzu ali mwana. Chiwandacho chinkaoneka ngati dzombe. Owonera ambiri anaseka, ndipo olemba m'nyuzipepala ochuluka anati nkhaniyo inalibe mutu weniweni. Boorman anadula ndi kusintha kanemayo atatuluka kale, koma mbiri yake inali itaipa.

Wophunzira wa ku Africa ali ndi chifukwa china chodandaulira. Africa wa m'kanemayu ndi wamatanthwe, fumbi ndi zamizimu, wongoganiziridwa ndi alendo. Komabe chilungamo chiyenera kunenedwa: Kokumo atakula akuoneka ngati wasayansi wofufuza za dzombe, chithunzi chimene sichinkapezeka kawirikawiri m'makanema a ku Hollywood nthawi imeneyo.

Si onse amene anaunyoza. Martin Scorsese, mmodzi wa akatswiri okonza makanema, anauyamikira chifukwa cha funso lake lozama, lakuti kodi ubwino waukulu sumaitana choipa chachikulu? Ena amatamanda nyimbo za Ennio Morricone ndi kukongola kwa zithunzi zake.

Nanga analakwa ndani, Boorman kapena owonera? Owonera anali ndi ufulu wokwiya, pakuti dzina la kanemayo linawalonjeza mantha koma analandira maloto osalongosoka. Ganizo la Boorman linali lakuya, koma nkhani imene anaisenzetsa ganizolo inali yofooka. Pounika ntchito yaluso tiyenera kusiyanitsa zimene mwini wake anafuna kunena ndi zimene anakwanitsa kuonetsa, ndipo Exorcist II inaperewera pa mbali yachiwiriyi.