Buku la Mafumu a Kilwa: Kodi Tilikhulupirire?

Kilwa ndi cisumbu cacing'ono ca m'nyanja yamcere, kum'mwera kwa dziko la Tanzania. Lero pali mabwinja, koma kale panali mzinda waukuru wa malonda. Mlendo uja Ibn Battuta anafikako m'caka ca 1331, nautama cifukwa ca kukongola kwace. Apwitikizi anauthira nkhondo m'caka ca 1505.

Mbiri ya mzindawu inalembedwa m'Ciarabu ca m'ma 1520, ndipo João de Barros anasindikiza yofanana nayo m'Cipwitikizi m'caka ca 1552. Buku la Ciarabulo linena kuti Ali bin al-Hasan anacokera ku Shiraz, m'dziko la Persia, nagula cisumbuco kwa mfumu ya pomwepo ndi nsaru zokwanira kuzinga cisumbu conse. Likatero liyamba kuwerenga mafumu, wina pambuyo pa mnzace.

Tisafulumire kunena kuti imeneyi ndi nthano cabe. Ndalama zolembedwa dzina la Ali zinapezeka. Ndiponso m'caka ca 2023 akatswiri opima mafupa a m'manda akale a m'gombemo anaonetsa kuti amuna a ku Persia anakwatiradi akazi a mu Africa kuyambira ca m'ma 1000.

Koma colakwa ca bukuli ndi ici: liyamba mbiri pa tsiku limene mlendo anafika, monga ngati eni dziko analibe mbiri yao. Neville Chittick anakumba pa Kilwa kuyambira 1958 kufikira 1965, napeza kuti anthu anakhalapo kuyambira ca m'ma 800, akupha nsomba, kuumba mbiya ndi kusula citsulo. Cuma ca Kilwa naco cinadza ndi golidi wa kumtunda, wodzera pa dooko la Sofala. Ndalama yamkuwa ya ku Kilwa inapezeka pa Great Zimbabwe m'caka ca 1971. Nanga amene anakumba golidiyo ndi kumsenza ali kuti m'bukuli? Mulibe.

Ife amene tinalembapo milandu ya ufumu pa bwalo tidziwa kuti munthu powerenga makolo ace achula okhawo amene alimbitsa mpando wace. Mlembi wa ku Kilwa anacita comweco, pakuti analembera mafumu. Tsono bukuli tiliwerenge ndi ulemu, koma monga mboni imodzi yokha. Mboni yaciwiri ndiyo nthaka, ndipo woweruza wanzeru amva zonse ziwiri asanagamule.