"Ngongole ya Nyumba" M'makalata a Obwereketsa Ndalama

Makalata amene mabanki amalembera anthu ogula nyumba pangongole amavuta kumva ngakhale atamasuliridwa m'Chichewa, ndipo vuto lagona pa liwu lakuti mortgage. Omasulira ambiri amangoti "ngongole ya nyumba". Mawuwa ngoperewera. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale akamva chotero amaganiza za lendi imene sadalipire, yomwe chilango chake n'kusamutsidwa basi. Koma pa mortgage nyumbayo ndi chikole: wobwereka akalephera kubweza, banki ili ndi mphamvu yoigulitsa. Liwuli lidachokera ku Chifalansa chakale, ndipo mbali yake yachiwiri, gage, imatanthauza chikole chomwecho. Kumasulira kotere kwataya mbali yoopsayo.

Ena amakonda "pinyolo", koma katundu wa pinyolo amasungidwa ndi wobwereketsa, pamene mwini nyumba amagonabe m'nyumba mwake. Nchifukwa chake "ngongole ya chikole cha nyumba", ngakhale ndi mawu otalika, ndiwo olondola.

Chisokonezo china chili pa arrears ndi balance, amene kawirikawiri onse amalembedwa kuti "ndalama zotsala". Liwu loyambalo likunena ndalama zimene tsiku lake lolipira lidapitirira. Lachiwirilo, ngongole yonse imene isadabwezedwe. Mphunzitsi amene wadumphitsa miyezi iwiri angaganize kuti akufunidwa ndalama zonse mlungu womwewo, kapena, choipitsitsa, kuti akalipira miyezi iwiriyo ngongole yatha. Akonzi ayenera kusiyanitsa "zolipira zochedwa" ndi "ngongole yonse yotsala".